Thadzi la Chipepeso pa Kaliyala

Ndinapalasa njinga zaka zambiri ndili mphunzitsi m'masukulu a m'mphepete mwa nyanja ndi a kumapiri kwathu kuno, koma ulendo umene sundichoka m'mutu ndinauyenda nditapuma kale ntchito, mawondo atayamba kudandaula. Ndinauyenda ndi mkamwini wanga, ndiponso ndi nkhuku.

Mkamwiniyo ndi Dalitso, wa ku Ntcheu, amene anakwatira mwana wanga Malita. Ine ndimamuitana kuti bambo a Wezi, potengera mwana wawo woyamba. Iye amandiitana kuti Ada, monga amachitira anthu akuno polemekeza wamkulu. Anabwera ku Chintheche kudzaperekera zakudya pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Patapita zaka, eni lojiyo anagula njinga zachilendo, zopepuka ngati bango, za matayala okakala ndi zogwirira zopindika ngati nyanga za nkhosa, kuti alendo otopa ndi kugona pamchenga azikwera nazo misewu ya miyala yopita kumapiri. Dalitso ndiye anasankhidwa kuwatsogolera. Njira yake ndinamujambulira ndine, kuseri kwa kalendala yakale, pakuti ndiyo ndinkadzera popita kukaphunzitsa kumtundako.

Tsiku lina Lachiwiri, m'mwezi wa Okutobala, anafika pakhonde panga masana nakhala pansi osakhudza mpando umene ndinamupatsa. Anati dzulo lake, potsika mtsetse waukulu wolowa m'mudzi wina wa kumapiriko, alendo ake anayi anadutsa masamba amene anthu anaika pamsewu. Aliyense wobadwira m'dziko lino amadziwa kuti masamba otere ndi chizindikiro cha maliro: wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Alendowo analowa ndi liwiro pakati pa anthu operekeza bokosi, onyamula anadzandira, ndipo bokosilo linatsala pang'ono kukhudza pansi. Womwalirayo anali mkazi wa Ada Longwe, mmisiri wocheka matabwa amene ndinkamudziwa kalekale.

"Nanga inu munali kuti, bambo a Wezi?"

"Ndinatsalira m'mbuyo, Ada. Tcheni changa chinaguluka."

Sindinafunsenso kanthu, ndipo uko kunali kulakwa kwanga.

Tsopano anthu a m'mudzimo anali atagwetsa mtengo pamsewu, natumiza mawu akuti njinga za palojipo zisadzaonekenso. Kumapiriko kulibe njira ina yoti mlendo n'kudzera. Bwana wa paloji ananena poyera kuti popanda njirayo njingazo zigulitsidwa, ndipo malo operekera zakudya anali atadzaza kale. Malita anandiuza akulira kuti zikatero asamukira ku Ntcheu, kwa makolo a mwamuna wake. Ine mkazi wanga anatisiya kale, ndipo phokoso lokha limene lili pakhomo panga ndi la Wezi ndi mng'ono wake akamabwera kusukulu. Ndinamvanso kuti Lachinayi masana abale a malemu adzakhala pansi kutsiriza za maliro asanabalalike, ndipo pomwepo adzagwirizana zotengera nkhaniyi kwa mafumu. Ikanafika kumeneko sikanakhalanso ya pepani, ikanasanduka mlandu.

Bwanayo anati atipatsa galimoto ndi envelopu ya ndalama kuti tikapepese. Ndinakana zonse ziwiri. Ndinati munthu woferedwa sapepesedwa ndi fumbi la galimoto, ndipo popeza cholakwa chinafika m'mudzimo pa njinga, chipepeso chikafikenso pa njinga. Ndinagwira thadzi lonenepa koposa m'khola langa, ndi kuliika m'dengu, pamwamba ndi kuphimba ndi chidutswa cha ukonde wakale. Nkhuku yotere si nsembe ayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Ndi ulemu chabe woti wolakwa asafike chimanjamanja. Koma iyenera kufika yamoyo, ikuphethira. Kupereka yakufa n'kutukwana.

Tinanyamuka Lachinayi kum'mawa kutayera. Dengu tinalimanga pa njinga yanga yakuda yakale ija, chifukwa njinga ya Dalitso, ndi kudula kwake konse, ilibe kaliyala. Pamsika wa Chintheche amayi anali akuyala usipa, ndipo kondakitala wa minibasi yopita ku Nkhata Bay anatikuwira.

"Ada, kwerani muno! Nkhukuyo ndiipatsa mpando wakutsogolo!"

Tinasiya tala ndi kulunjika chakumadzulo, nyanja ili kumsana. Msewu unayamba bwino pakati pa minda ya chinangwa, kenaka unasanduka miyala yotayirira ndi timizere tija timene timagwedeza mano m'kamwa. Pa bampu iliyonse thadzi linkadandaula, ndipo ine ndinkakondwa kulimva, pakuti nkhuku yodandaula ndi yamoyo. M'mutu ndinkabwereza mawu amene ndinakonza: kuti alendo sadziwa mwambo wathu, kuti kwawo masamba pamsewu ndi zinyalala chabe, kuti mwana wathu anatsalira m'mbuyo ndipo sakanatha kuwaletsa. Anali mawu abwino, ndipo ndinkawakhulupirira.

Dzuwa litakwera pang'ono tinafika pa kamsika kena kamene kali ndi chigayo ndi magolosale awiri. Pamenepo tayala langa lam'mbuyo linaphwa.

"Musadandaule, Ada, ndili ndi zida zonse," anatero Dalitso, akumasula kachikwama kake.

Zida analidi nazo, koma za njinga yake. Matayala ake amachoka ndi kachitsulo kongotembenuza ndi chala, kotero sipanala analibe. Pampu yake inali yokongola ngati cholembera, koma kukamwa kwake sikunagwirizane ndi vavu yanga. Tinayang'anana. Wokonza njinga wa pamalopo anali atapita kudimba, ndipo mkazi wake anati abwera posachedwa. Ndakhala zaka zokwanira kudziwa kutalika kwa posachedwa wa kumudzi. Ndinaika dengu pamthunzi wa chigayo ndi kukhala pamwala, maso ali pa chithunzithunzi cha mtengo wa mango chimene chinkafupika ndikuona.

Pafupi nafe panali mayi wina wogulitsa nthochi ndi zitumbuwa. Anandilonjera mwaulemu m'Chitonga, tinafunsana za kunyumba, kenaka anayamba kuyang'anitsitsa chisoti chofiira chimene Dalitso anakoleka pa chogwirira. Anatembenukira kwa mnzake wa pambali, nalankhula mokweza monga amachitira munthu woganiza kuti mlendo samva chinenero.

"Ndi yemweyu. Ine ndinalipo, ndinali kumbuyo kwa bokosi ndi amayi a mpingo. Azungu aja sitiwawerengera, amenewo ndi ana pa zinthu zathu. Koma uyu anabwera pambuyo pawo, masamba anawaona, bokosi analiona, ndiye anachita kuimirira pamapedulo n'kudutsa. Chisoti chili kumutu!"

Dalitso wakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu, ndipo Chitonga amachimva bwino ngakhale amachilankhula mopunduka. Ndinadzuka ndi kupita kuseri kwa chigayo, iye nanditsatira.

"Bambo a Wezi, tcheni chija chinagulukadi?"

"Chinaguluka, Ada. Koma ndinachibwezera msanga."

"Mutafika pamasamba paja munatsika?"

"Sindinatsike."

"Chisoti munavula?"

"Ayi."

"Kwanu ku Ntcheu maliro mumawadutsa chotero?"

"Ayi, Ada. Kwathu akanandigwetsa panjingapo." Kenaka anapitiriza motsitsa mawu. "Kutsogoloko kuli kamlatho ka matabwa kopanda zotchinga. Ndinaganiza kuti mlendo akagwa pamenepo ine kulibe, ndathera pomwepo. Ndinaona bokosi, ndinaona alendo akuzimiririka pakona, ndinasankha alendo."

"Ndipo mwandilola kuti ndikwere mapiri onsewa, pa msinkhu wangawu, kukanena bodza pamaso pa munthu woferedwa?"

Kunena zoona, mtima wanga unali utatembenukira kale kunyanja. Mawu onse amene ndinakonza anali atasanduka mankhusu. Ndikanafika kumudziko ndi kuwalankhula, anthu amene anaona ndi maso awo akanandiyesa wabodza kapena chitsiru, ndipo dzina limene ndinalisunga zaka zonse za uphunzitsi likanathera pansi pa mtengo wa mango. Koma ndinaganizanso za nyumba yanga madzulo, yopanda wondifunsa masamu, yopanda wondibera mtedza m'thumba la jekete.

Wokonza njinga anafika khasu lili paphewa. Anamata chubu mosafulumira, akufotokoza za mbozi zimene zinagwa m'dimba lake, nalandira mahandiredi asanu. Nditakwera njinga, Dalitso anafunsa ndi mawu aang'ono kuti tilowera kuti.

"Kumtunda," ndinatero. "Koma musandilankhule."

Kuchokera pamenepo msewu umalowa m'nkhalango ndi kuyamba kukwera mosapumira. Mitengo ya masuku ndi mitondo inali itaphuka masamba ofiira a nyengoyo, koma mthunzi wake unali wochepa, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Ndinapalasa pang'ono, kenaka ndinatsika ndi kuyamba kukankha. Miyala inkagubuduka pansi pa nsapato zanga. Ndikakwera chitunda chimodzi, china chinkaonekera kumbuyo kwake, ndipo ndinazindikira kuti mapiri amene ndinajambula pa kalendala paja anali a mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Lole yonyamula matabwa inatipeza pakona ina ikukwera yopanda katundu. Dalaivala anaima natulutsa mutu.

"Madala, mufera panjira! Ponyani njingazo kumbuyo, masauzande awiri aliyense. Nkhuku ikwera ulere."

Dalitso anandiyang'ana mochonderera. Ine ndinali nditanena kale pamaso pa bwana wake kuti chipepeso chipita pa njinga, ndipo mkwiyo unali usanandichoke. Ndinathokoza dalaivalayo ndi kumuuza kuti apitirire. Fumbi lake lisanakhazikike n'komwe ndinali nditayamba kudziimba mlandu, pakuti mwendo wanga wamanzere unagwidwa ndi dzanzi, ndipo dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo.

Apo Dalitso anaswa lamulo langa.

"Ada, ndikalipireni pambuyo pake. Kwerani yangayi. Ine ndikankha yanuyo."

Anatsitsa chishalo, nadina kachitsulo kena kangapo. Ndinakwera mowerama ngati munthu wofuna singano pansi, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti chinthucho n'chodabwitsa: miyendo inkazungulira mopepuka ngati ndili pachigwa, njinga n'kumakwera phiri pang'onopang'ono ngati nyerere. Iye ankathamanga pambuyo panga akukankha chitsulo changa cholemera chija, thukuta likuchucha m'chibwano. Tinayenda chotero mwina mamailosi atatu. Kenaka ndinazindikira kuti kwa nthawi ndithu sindinamve kudandaula kulikonse kochokera m'dengu.

Tinaimika njinga ndi kuvundukula ukonde. Thadzi linali litagona cham'mbali, mlomo uli yasa, maso otseka, lipombo litafota. Nditalinyamula, khosi linalendewera padzanja langa. Botolo la Dalitso linali louma, langanso chimodzimodzi. M'nkhalangomo munalibe nyumba yoti n'kugulako nkhuku ina, ndipo ngakhale ikanakhalapo, nkhuku yogula pakhomo la mnansi wa woferedwa imadziwika ndi mudzi wonse.

"Lafa?" anafunsa Dalitso.

"Likupuma, koma pang'ono."

Kumunsi kwa msewu, pansi pa phompho lodzala ndi nsungwi, kunkamveka madzi. Sanadikire kuti ndimutume. Anatsetsereka ndi matako, nsapato zake zolimba zija zikuterereka pamiyala, ndipo ndinamva nsungwi zikuthyoka ndi mawu ena a Chingoni amene sindingawalembe pano. Ine ndinakhala pansi pa mtondo, thadzi lili pamiyendo, ndikulikupiza ndi chipewa changa. Ndinapemphera, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinapempherera nkhuku. Chithunzithunzi changa chinali chitalowa pansi pa mapazi anga. Kumudzi kuja anthu anali atayamba kutulutsa mipando.

Anabwera chigongono chikutuluka magazi, mabotolo onse awiri odzaza. Tinalinyowetsa miyendo ndi kunsi kwa mapiko. Dalitso anasunga madzi m'kamwa, nagwira mlomo wa thadzilo, n'kumadonthezera m'kamwa mwake dontho limodzilimodzi kuchokera pamilomo yake, monga amachitira amayi ndi anapiye. Tinadikira. Palibe chimene chinachitika. Anadonthezanso. Khosi linagwedezeka, diso limodzi linatseguka, ndipo patapita kanthawi thadzilo linakweza mutu ndi kumujompha pachala mwamphamvu.

"Yewo, mayi," anatero Dalitso pothokoza nkhukuyo m'Chitonga, misozi ili m'maso. Ndinapezeka ndaseka, ngakhale ndinali ndisanamukhululukire.

Tinayala masamba onyowa m'dengu ndi pamwamba pa ukonde, ndi kupitirira. Posakhalitsa tinafika pamwamba pa mtsetse uja. Ndinabwerera pa njinga yanga ndi kutsika nditagwira mabuleki onse awiri. Pakati pa mtsetsewo, m'mbali mwa msewu, panali nthambi zouma zimene wina anakankhira pambali maliro atatha. Ndinatsika panjinga. Dalitso anatsikanso, navula chisoti. Tinakankha njinga zathu mpaka pa mtengo wogwetsedwa uja, tinazinyamula kuziwolotsa, ndi kulowa m'mudzi tikuyenda pansi.

Anthu anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango pakhomo la Ada Longwe, amuna pamipando, amayi pamphasa, ndipo bambo wina wamtali anali chiimire akulankhula. Ndinamva pambuyo pake kuti anali mlongo wake wa malemu. Atationa analeka. Tinatsamiritsa njinga kutali, tinakhala pansi chapambali, dengu lili patsogolo pathu, ndi kudikira kuti atilonjere. Anatisiya tidikire nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, timakudziwani," anatero wamtaliyo potsiriza, m'Chichewa, kuti Dalitso asaphonye kanthu. "Mwatumidwa ndi a paloji? Envelopu ili m'thumba liti?"

"Sindinatumidwe ndi munthu, ndipo envelopu ndilibe," ndinayankha. "Uyu ndi mkamwini wanga, bambo wa adzukulu anga. Ndinanyamuka kunyanja ndi mawu okonzakonza onena za alendo osadziwa mwambo, koma mawuwo anathera panjira. Amene ndatsala nawo ndi awa: mwana wathu anadziwa, ndipo sanatsike. Tabwera kudzagwa pamapazi anu."

Anthu anang'ung'udza. Wamtaliyo anati nkhani yatha kale, mawa ipita kwa mafumu, ndipo mlongo wake sanali galu woti njinga zizimulumpha. Palibe amene anamutsutsa, chifukwa ananena zoona.

Ada Longwe anali atakhala pakhonde, mutu wometa, manja ake akuluakulu a mmisiri ali pamawondo. Tsopano anakweza maso nayang'ana Dalitso.

"Sendera kuno, iwe."

Dalitso anayenda ndi mawondo mpaka pafupi ndi khonde.

"Azungu ako ine sindinawaone. Maso anga anali pa bokosi. Koma iwe ndinakuona, chifukwa unandiyang'ana."

"Ndinakuyang'anani, Ada."

"Ndiye unadziwa kuti ndine mwamuna wake."

"Ndinadziwa."

"Masiku atatu awa, ndikatseka maso kuti ndione nkhope ya mkazi wanga, ndikuona chisoti chofiira."

Dalitso anagwetsa nkhope pansi. Anayesa kunena pepani m'Chitonga chake chopunduka chija, mawu anamuthawa, ndipo anangokhala chogwada. Ine ndinatulutsa thadzi m'dengu, ndi kulipereka kwa iye kuti alipereke yekha. Analigwira ndi manja awiri nalitambasulira kutsogolo. Nthenga zake zinali zonyowa ndi zomatirira masamba, ndipo linkaoneka ngati lavuulidwa m'chithaphwi, koma maso ake anali otseguka.

Manja a Ada Longwe sanachoke pamawondo. Ndinawerenga kupuma kwanga mpaka ndinasokonezeka. Dalitso sanatsitse mikono, magazi a pachigongono atauma mpaka kudzanja.

"Mwabwera nayo pa chiyani nkhukuyi, Aphunzitsi?"

"Pa kaliyala, kuchokera ku Chintheche."

"Pa njinga yomwe ija munkabwera nayo kusukulu kuno?"

"Yomweyo."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Yavutika popanda mlandu wake." Anatambasula manja onse awiri, nailandira, naipereka kwa mwana wake wamkazi kuti akaipatse madzi ndi gaga. Mlamu wake wamtali uja anayamba kulankhula, koma Ada Longwe anakweza dzanja.

"Alamu, amene anayang'anidwa ndine." Anatembenukiranso kwa Dalitso. "Mtengo uja ndinagwetsa ndine, koma uchotsa ndiwe. Sowo ili kuseri kwa nkhokwe. Ndipo kuyambira lero, kuchokera pamene panali masamba paja kufikira pa kamlatho, iwe ndi alendo ako muziyenda pansi. Kaya kuli maliro kaya kulibe. Manda ake ali pafupi ndi msewu, ndipo anali munthu wosakonda phokoso."

Dalitso anacheka mtengowo mpaka dzuwa kupendeka. Sowo ya anthu awiri munthu mmodzi saitha, ndipo atavutika nayo kwa nthawi, wamtali uja anadzuka akung'ung'udza kuti mwana wa ku Ntcheu awononga mano a sowo ya mlamu wake, nakagwira mbali inayo. Tinagona komweko, ndipo pobwerera m'mawa mwake ndinakwera lole ya matabwa osakangana ndi munthu za mtengo wake.

Malita sanasamuke. Wezi tsopano ali ku sekondale, ndipo mtedza wa m'jekete langa amaba ndi mng'ono wake. Ada Longwe anatsatira mkazi wake patapita zaka ziwiri, ndipo palibenso amene angakadandaule kwa mafumu. Koma mpaka lero, alendo akafika pakati pa mtsetse uja, pamene njinga imayamba kukoma, Dalitso amakweza dzanja, onse n'kutsika. Ena amadandaula, ena amafunsa ngati msewu ndi woopsa. Iye amavula chisoti chake nayankha kuti ayi, msewu uli bwino, koma pano timayenda pansi.